Akatumba aja sanali mphamvu ayi

Abale kumudziko, ndakhala chete miyezi ingapo koma lero ndati ndikuuzeni za mwana wanuyu. Mukukumbuka tili konko pa Khrisimasi munkamutama kuti akatumba amenewa ndi a mpira? Eti aja anali matenda.

Kuno ku Chawama mu Lusaka anayamba kumangogwa, pokwera minibasi mpaka kondakitala amunyamule, ndiye akakhala pansi podzuka amayamba wagwada kenako agwire m'maondo, agwire m'ntchafu, kukwera thupi lake lomwe ndi manja mpaka aimirire. Ku chipatala chachikulu cha UTH anamutenga magazi kuyeza zomwe amati CK, zimene zimachuluka m'magazi minofu ikamaonongeka, zinapezeka zakwera kwambiri, atamuyezanso adokotala nkuti ndi Duchenne muscular dystrophy. Pompo ine maganizo anapita kwa malemu achimwene aja tinkati anawalodza, mphini thupi lonse. Matendawa nthawi zambiri amadzera kwa mayi ndipo amagwira anyamata, mmodzi mwa 3,500 mpaka 5,000 obadwa.

Mmene anandifotokozera, thupi lake silipanga dystrophin, kanthu kamene kamagwira minofu kuti isang'ambike. Ndiye akamayenda minofu imang'ambika pang'onopang'ono, mkatimo mumatupa, thupi poyesa kupoletsa limaika zipsera ndi mafuta pamene panali nyama. Mukudziwa chipsera cha moto mmene chimaumira osatambasuka, nzomwe zadzaza m'katumba mwakemo. Ndimati ndikagwira madzulo pomuongola miyendo, kulimba kwake gwa ngati chinangwa chachiwisi, mtima umandipweteka.

Pano akumwa prednisone wochepetsa kutupako. Akuthandiza ndithu koma wanenepa, masaya atupa, komanso akuti amafooketsa mafupa. Nchifukwa chake usiku bando yanga imathera kuwerenga zomwe ofufuza akuchita. Mu 2023 ku America analoleza mankhwala otchedwa vamorolone, ntchito yake yofanana ndi prednisone koma sapinimbiritsa mwana ngati uja. Mu March 2024 analolezanso givinostat, wa kampani ya ku Italy, wa ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, ameneyu amalimbana ndi kutupa, zipsera ndi mafuta aja pamodzi. Sachiritsa, amangochedwetsa, koma kwa ine ngakhale chaka chimodzi choti mwana ayendebe ndi miyendo yake nchachikulu zedi. Wina pamrevlumab amene ankalunjika zipsera zenizenizo analephera pa mayeso mu 2023, tsiku lomwe ndinawerenga zimenezo nsima sinalowe. Atsopanowo ife sitinawaone nkomwe, mtengo wake si wa ife ogulitsa kaunjika ku msika wa Soweto, ndiye tagwira prednisone ndi mafizo basi.

Achemwali, mnyamata wanu wachiwiri uja ndinamuona akuyenda chonyang'ama, zidendene osaponda pansi. Chonde musamuteme mphini, pitani naye kuchipatala mukapemphe amuyeze CK. Ya transipoti nditumiza Lachisanu.