Ndemanga yanga pa kilatchi ya Exedy Stage 1 imene ndinaika mu Subaru WRX

Akuluakulu amene muli ndi galimoto zotchuna ndipo kilatchi yayamba kuterereka, ndati ndikuuzeni mmene yanga ikuyendera chifukwa anthu ambiri akumandifunsa tikakumana pa car wash ku Ginnery Corner. Mwachidule ndine wokhutira kwambiri, ndipo nditati ndigulenso lero ndingagule yomweyi.

Galimoto yanga ndi Impreza WRX ya 2003, yochokera ku Japan, injini EJ205 ya 2.0 turbo, giya bokosi ya magiya 5. Ikamachoka ku fakitale imakhala ndi mphamvu ya 250 PS (horsepower) komanso torque, kapena kuti mphamvu yopotokola ya injini, ya cha m'ma 330 Nm, ndiye ife tinasintha downpipe (paipi yotulutsa utsi ku turbo) ndi ekizozi yonse, intercooler (yoziziritsa mpweya wochokera ku turbo) yokulirapo, kenako remap (kusintha pulogalamu ya kompyuta ya injini) mpaka boost, pulesha ya mpweya wa turbo, kufika 1.2 bar. Mphamvu inabwera ndithu koma kilatchi yakale sinapirire. Ndikakhala mu giya 4 kapena 5 pa msewu wa Zalewa ndikuponda mafuta, turbo ikangodzuka ma rev amathamanga okha koma sipidi osasintha, kenako kafungo kakupsa kaja kamalowa mkati. Mukafuna kuyesa yanu njira yake ndi imeneyo, giya yapamwamba, ma rev otsika, pondani mpaka pansi muone ngati muvi wa ma rev ukusiya wa sipidi m'mbuyo.

Apa ndi pamene malangizo anayamba kuchuluka. Aliyense ankati mani ikani ya puck (puleti yake imagwira ndi timapadi tochepa, si yozungulira yonse), ya ceramic, Stage 3 kapena kuposa, yoti ikagwira yagwira. Komatu nambala ya stage ija, yosonyeza kulimba kwa kilatchi, si muyezo woti makampani onse anagwirizana, Stage 2 ya kampani ina itha kukhala yofewa kuposa Stage 1 ya ina. Chimene chimadya kilatchi ndi torque, osati horsepower imene timakonda kutchula pocheza ija, ndiye choyenera kuyang'ana ndi torque imene kilatchiyo analemba kuti ingapirire, ikhale pamwamba pang'ono pa imene injini yanu ikutulutsa kuti pakhale mpata. Kupitirira kwambiri ndi kungogula mavuto.

Mnzanga wina ali ndi Legacy B4 ndipo anaika ya puck yopanda masipuling'i pakati, anandipatsa ndiyendetse kuchoka ku Limbe kupita m'tauni cha m'ma 5 koloko madzulo. Amene mumadziwa Masauko Chipembere Highway nthawi imeneyo mukudziwa kale, kuyambira pa Chichiri mpaka pa Clock Tower ndi kusuntha pang'ono, kuima, kusuntha pang'ono, minibasi kukulowerera kutsogolo. Kilatchi imeneyo ilibe pakati, ili ngati switchi ya getsi, mukamaimasula pang'onopang'ono galimoto yonse imanjenjemera mpaka dashibodi kulira, mukafulumira yazima. Pa mpikisano ndi yabwino zedi chifukwa imapirira kutentha, koma mnzangayo galimoto yomweyo ndi imene amakatengera ana kusukulu ndipo mwendo wamanzere amadandaula nawo tsiku lililonse.

Palinso china chimene makaniko wanga anandifotokozera ndipo ndinachimvetsa. WRX ndi ya mateyala anayi onse okoka, ndiye mukadzutsa mwankhanza mateyala satereka ngati mmene imachitira Altezza kapena galimoto ina yokoka kumbuyo, nkhonya yonse imalowa mu giya bokosi ndi ma CV, majointi opititsa mphamvu ku mateyala. Giya bokosi ya magiya 5 ya WRX anthu a Subaru amaidziwa kuti siichedwa kuthyoka mano ikapanikizidwa, si yolimba ngati ya magiya 6 ya STI, WRX yamphamvu kuposa iyi. Makaniko uja anati achimwene, kilatchi ikakhala yolusa kwambiri chinthu chofooka chimasanduka bokosi, ndiye muwerengere nokha mtengo wa bokosi ndi mmene dola ikusowera panopa. Ndinangoti zoona.

Ndiye ndinasankha Exedy Stage 1, imene kilatchi puleti yake ndi ya organic (yopangidwa ndi zinthu zofewerapo kuposa ceramic), yozungulira yonse ngati ya fakitale, yokhala ndi masipuling'i pakati omeza kugunda, koma pulesha puleti yake ndi yolimba, imafinya kwambiri kuposa yoyamba ija. Exedy ndi kampani ya ku Japan, kale inkatchedwa Daikin, ndipo ndi amodzi mwa amene amapangira makampani a galimoto makilatchi oika ku fakitale, kuphatikizapo Subaru yemweyo. Zimenezo zinandilimbitsa mtima kuti ikwana bwino popanda kusula kapena kukakamiza.

Kugula kwake ndi kumene kunatenga nthawi. M'mashopu a sipeya muno mumapeza zambiri za Corolla, Hiace, Sienta, koma kit ngati iyi ndi yochita kuitanitsa. Yanga inachokera ku Johannesburg, inalowera pa Mwanza, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 chilichonse choitanitsa kunja chimawawa, onjezanipo msonkho wa MRA ndi thiransipoti. Shopu ina muno anandionetsa bokosi lolembedwa bwinobwino pamtengo wotsika modabwitsa, makaniko atangoitulutsa anaona ma rivet osalongosoka ndi masipuling'i ogwedera, tinaisiya pomwepo. Zafeki zilipo, musapite nokha ngati simuzidziwa. Ndipo potumiza oda perekani chassis number, chifukwa WRX za zaka ngati yangayi kilatchi yake ndi ya pull type, release bearing imakoka pulesha puleti m'malo mokankha, pamene Subaru zina ndi push type, mukasokoneza mwataya ndalama ndipo kubweza katundu ku Joni si nkhani yapafupi.

Kuika kunachitikira pa galaja ina ku Ndirande kwa bambo wina amene Subaru amazidziwa ngati ana ake. Pa pull type pamafunika kuchotsa sitata ndi kusolola kachitsulo kogwira foloko ya kilatchi musanakoke bokosi, amene sadziwa amalimbana nayo tsiku lonse mpaka kuononga zinthu, ndiye funsani kaye ngati munthuyo anaigwirapo. Fulayiwilo tinaipititsa kokapala pa makina chifukwa inali ndi mawanga akupsa, kuika puleti yatsopano pa fulayiwilo yotero ndiye kuti kunjenjemera kuyambira tsiku loyamba ndipo mudzanamizira kilatchi. Tinasinthiratu release bearing, pilot bearing ndi oyilo silo ya kumbuyo kwa injini, popeza bokosi linali kale pansi ndipo oyilo akangodonthera pa puleti basi yatha. Fuluwidi nayenso watsopano, DOT 4. Fulayiwilo yopepuka ndinaikana, ma rev amakwera msanga inde koma podzuka pa chitunda galimoto imafuna kuzima, ndipo Blantyre ndi zitunda zokhazokha.

Makilomita oyamba pafupifupi 800 ndinayenda mwaulemu m'tauni momwe, kusintha magiya pafupipafupi, osalowa mu boost kwambiri, osadzutsa mwamphamvu. Apa ambiri ndi pamene amaphera kilatchi yatsopano, akangotuluka pa galaja akufuna akayese pa msewu wa Chileka usiku womwewo, puleti imapsa n'kukhala yosalala ngati galasi isanakhazikike, kenako n'kumati katunduyo ndi wachabe.

Tsopano mmene ikumvekera. Pedulo ndi yolemerapo kuposa yakale, mumaimva masiku oyamba kenako mwendo umazolowera, mayi akunyumba amaiyendetsa popita ku msika wa Limbe ndipo sanadandaulepo. Imagwira cha pakati ndipo ili ndi mpata woti mutha kuimasula pang'onopang'ono, chimene ndi chofunika kwambiri kwa ine, chifukwa pa mzere wa mafuta pa filling station paja umasuntha mita imodzi imodzi kwa maola, komanso mahampu a m'makwalala athu ndi zitunda za ku Chilomoni ndi Soche. Podzuka pa chitunda ndimagwiritsabe handibuleki, sindiigwirizira galimoto pa kilatchi, organic ikatenthedwa motero imatha msanga olo ikhale yodula bwanji. Kunjenjemera kulibe, m'mawa kukazizira nthawi ya Chiperoni imagwira mwaukali pang'ono kawiri katatu koyamba kenako bwinobwino.

Pa mphamvu ndiye palibe chokamba. Kukwera kuchoka ku Chikwawa pa Thabwa paja, anthu anayi m'galimoto ndi katundu kubuti, kutentha kwa ku Shire Valley kuli pamwamba, giya 3 boost yonse, sinaterereke olo kamodzi ndipo fungo lija silinabwerenso. Msewu wa Zomba mu giya 5 chimodzimodzi, ma rev ndi sipidi zikukwerera limodzi.

Amene mukufuna kuika turbo yaikulu kapena galimoto yanu ndi ya mipikisano basi, iyi ikhoza kukucheperani, pamenepo puck kapena twin plate (ya mapuleti awiri) ndi zoyenera ndipo mukonzekeretu ndi bokosi lomwe. Koma ngati ndi remap, ekizozi ndi intercooler ngati ine, galimoto yopitira kuntchito mkati mwa sabata ndi kukasangalala nayo pa msewu wa Thyolo Loweruka, Stage 1 ya organic ikukwanirani. Nyenyezi 5 kwa ine, ndipo makaniko uja ndamutumizira kale anzanga awiri a Forester.