Discogs: kaundula wabwino, koma msika wovuta kwa wogula wa ku Chigwa cha Shire

Discogs ndi tsamba la pa intaneti lomwe linayamba m'chaka cha 2000. Limagwira ntchito ziwiri: ndi kaundula wa mbale za nyimbo zomwe zinatulukapo, komanso ndi msika womwe anthu amagulitsirana mbalezo. Kwa munthu wa ku Nchalo, Ngabu, Bangula kapena pa boma la Nsanje, kaundulayo ndi waulere ndipo ngothandiza kwambiri. Msikawo ndiye wofunika kuulowa mosamala, chifukwa chimene chimavuta si mbaleyo ayi, koma ulendo wake kuti ifike kuno.

Mbale iliyonse imakhala ndi nambala ziwiri. Ina imalembedwa pachikuto ndi pakapepala kozungulira ka pakati. Inayo imazokotedwa pampata wosalala umene uli pakati pa nyimbo yomaliza ndi kapepalako, ndipo imaoneka mukaipendeketsa mbaleyo poyera. Mukalemba nambalazi pa Discogs mumadziwa kampani, dziko ndi chaka chomwe inadindidwa. Izi n'zofunika kuno chifukwa mbale zambiri zomwe zili m'masutikesi a makolo athu zinachokera kunja: zinabwera ndi amene anakagwira ntchito kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Teba, kapena ku Rhodesia. N'chifukwa chake maina a makampani a Gallo, Teal ndi Gramma ndiwo amachuluka, pamodzi ndi timbale ta kanindo tochokera ku Nairobi. Chimbale chimodzi chimatha kudindidwa ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku England, mitengo yake n'kusiyana kutali. Tsambali limaonetsa mtengo wotsikitsitsa, wapakati ndi wokweretsetsa umene mbaleyo inagulitsidwapo. Wapakatiwo ndiwo woyang'ana pokambirana ndi wogulitsa. Pofooka pake mpakuti mbale za oimba akuno zilipo zochepa, ndipo mbale ikasowa m'kaundula sizitanthauza kuti njodula; nthawi zambiri amangokhala kuti palibe anailembetsa.

Pamsika, wogulitsa amapereka giredi ziwiri zosonyeza mmene katunduyo alili, ya mbale ndi ya chikuto. NM (Near Mint) ndi yooneka ngati yatsopano. VG+ (Very Good Plus) ili ndi timizere tosamveka kwenikweni, ndipo apa mpomwe ndalama imagwira ntchito bwino. VG imathetheka m'malo achete a nyimbo. G, ngakhale dzina lake loti Good (yabwino) limanyengerera, ndi mbale yotha, yosayenera kulipirira ulendo wautali chotere. Girediyo amapereka ndi wogulitsa yemweyo, choncho werengani ndemanga za amene anagulapo kwa iye, makamaka zodandaula, ndipo mufunseni ngati anaiyimba pamakina kapena anangoyang'ana ndi maso.

Kulipira kumadzera kwambiri pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, ndiye pamafunika khadi lomwe banki yanu yalola kulipirira kunja. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja komwe kulipoku, funsani kubanki musanaitanitse, chifukwa oda yosalipiridwa imathetsedwa ndipo imakuipitsirani mbiri patsambalo. Ogulitsa ambiri satumiza ku Malawi, ndipo kwa amene amatumiza, mtengo wotumizira chimbale chimodzi kuchokera ku Ulaya kawirikawiri umaposa wa chimbalecho. Gulani zitatu kapena zinayi kwa munthu mmodzi, kapena sankhani timbale ta mainchesi 7 tozungulira ka 45 pamphindi, tomwe n'topepuka. Njira ina yabwino ndi kusankha ogulitsa a ku South Africa okha, katundu n'kupita kwa wachibale wa ku Johannesburg amene akubwera pabasi. Phukusi lodzera kupositi lingathenso kulipitsidwa msonkho wa MRA.

Mdani wamkulu ndi kutentha, ndipo izi palibe wogulitsa wakunja amene angakuganizireni. Mbale imapangidwa ndi pulasitiki wa PVC, yemwe amayamba kufewa kutentha kukafika cha m'madigiri 60, ndipo amapindika msanga kuposa pamenepo ngati yatsamira mopendekeka kapena yapsinjidwa mbali imodzi. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kunja kumapitirira madigiri 40, ndiye m'galimoto yotseka yoimikidwa padzuwa mumadutsa malire amenewo. Itanitsani kuti phukusi lifike pakati pa Meyi ndi Julayi. Perekani adiresi ya wachibale wa ku Blantyre kuti lisagonere m'chipinda chamalata kuno kuchigwa. Potsika nalo ku Thabwa, linyamuleni choimirira pakati pa makatoni awiri olimba, pamiyendo panu. Lisakwere padenga, lisakhale pagalasi lakumbuyo, komanso pewani mpando wakutsogolo wa minibasi womwe pansi pake pali injini. Pemphaninso wogulitsa kuti atulutse mbale m'chikuto n'kuiika pambali pake m'phukusi, apo ayi m'mphepete mwake mumang'amba chikuto ndi kugwedezeka kwa pamsewu. Mbale yopindika pang'ono imayimba ndithu. Yopindika m'mphepete ngati funde imadumphitsa singano, ndipo kuiwongola pakati pa magalasi padzuwa kumatha kuwononga mizere ya nyimbo.

Poona zonsezi, ife tikuti tsambali ligwiritsidwe ntchito ngati kaundula choyamba, ndipo mbale zambiri muzifune konkuno kumakomo, foni ili m'manja. Kungoti zakuno zili ndi matenda akeake. Madzi osefukira a 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 analowa m'nyumba zambiri za ku Chikwawa ndi Nsanje, choncho nunkhizani chikuto ndipo yang'anani chuku ndi pepala lomatirira. Matope amachoka, koma mzere umene chikhadabo chikuumva umamvekanso pasipika. Mizere ya nyimbo ikatuwa, ndiye kuti inadyedwa ndi singano yolemera kapena yobuntha, ndipo siichira. Ikani mbale patebulo losalala, mugwade muone ngati ikukhudza paliponse.

Potsuka musagwiritse ntchito madzi a pamjigo, chifukwa ambiri kuno ngamchere ndipo akauma amasiya mcherewo m'mizere. Gulani madzi opanda mchere (distilled water) othira mu batire ya galimoto, osati asidi, muthiremo kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya pa theka la lita, ndipo mupukute ndi nsalu yofewa motsata mizere, kapepala ka pakati kasanyowe. Mbale zakale zolemera za galamafoni, zozungulira ka 78, si za PVC: zimasweka zikagwa, ndipo sipiriti amazisungunula. Zonse muzisunge choimirira, pashelefu yotalikira pansi chifukwa cha chiswe ndi madzi, kutali ndi malata ndiponso khoma lowombedwa dzuwa lamadzulo.