Tchizi cha Violife: miyezi inayi tikuchidya kunyumba kwathu

Sindinagule tchizi cha zomera chimenechi chifukwa choti ndasiya nyama ayi. Nkhuku timadya, usipa tikaupeza ku shopu ya anthu akwathu kuno ku Leeds, ku England, timaguliratu wambiri. Chinandikakamiza ndi mwana wathu wamwamuna wa zaka zinayi, yemwe thupi lake limadana ndi mkaka wa ng'ombe. Akangolawa, zidzolo thupi lonse ndi kusanza. Ndiye anzake kusukulu akamadya pitsa, iye amangoyang'ana.

Ndinayamba ndi paketi ya magalamu 200 ya todulidwa kale tosanjikiza, kenako ndinagula chokhulidwa kale chowaza pa chakudya. Violife ndi ya ku Greece, ndipo zimene amapangira zalembedwa kumbuyo kwa paketi: madzi, mafuta a kokonati, sitachi, mchere, zokometsera, mtundu wachikasu uja ndi vitamini B12. Mulibe mkaka, soya kapena mtedza. Pa paketi sanalembe kuti ndi tchizi, chifukwa lamulo la kuno silimalola. Khoti la European Union linagamula mu 2017 kuti maina ngati mkaka, batala ndi tchizi ndi a zochokera ku nyama basi. Ife kunyumba timangoti tchizi cha mwana.

Kukoma kwake kumadalira mmene mwachikonzera. Chozizira, chongochotsa mu firiji, n'chosalala ngati pulasitiki yofewa, ndipo fungo lake limapita ku batala wa mbuliuli za m'nyumba zoonetsera kanema. Bambo akunyumba analuma kamodzi n'kunena kuti ndi majarini woumitsa. Sanalakwitse kwenikweni, poti muli mafuta ambiri. Koma mwana sadziwa kukoma kwa tchizi cha ng'ombe, alibe chofanizira, ndipo pa buledi wokhala ndi tomato amamaliza osasiya nyenyeswa.

Pamoto ndi pomwe ndinaphunzira zambiri. Tsiku loyamba ndinachiwaza pa pitsa n'kuika mu uvuni monga ndimachitira ndi mozzarella, chinatuluka chili mmene ndinachiwazira, changouma pamwamba. Chinanditengera masabata kuti ndimvetse. Tchizi cha ng'ombe chimatamuka ndi kupsa mofiirira chifukwa cha puloteni ya mumkaka yotchedwa casein. Ichi chilibe, chimagwirana ndi sitachi, ndipo sitachi imafewa ndi chinyezi, monga momwe ufa umachitira m'madzi otentha. Tsopano ndikamaotcha buledi pa chiwaya ndimadonthezera timadzi pambali n'kuvundikira, nthunzi ija imachisungunula bwinobwino. Pa pitsa ndimachiika pansi pa tomato ndi anyezi, osati pamwamba. Mu makaroni ndiye chimaposa: ndimasungunula ndi mkaka wa oats pa moto wochepa, msuzi wake umatuluka wosalala moti alendo awiri anadya osazindikira. Kungoti chikayamba kuzizira chimamata kumano pang'ono, choncho muzipakula anthu atakhala kale pa tebulo.

Nthawi ina ndalama zitachepa ndinagula chotchipa cha shopu ina yaikulu. Chimenecho chinangosanduka mafuta oyandama pa mbale, ndinataya theka. Ndinabwerera ku Violife ngakhale mtengo wake umaposa wa cheddar wamba mukayerekeza kulemera.

Chimene ndikufuna amayi anzanga mumve ndi ichi: musachiwerengere ngati chakudya chomanga thupi. Pa paketi palembedwa puloteni 0. Cheddar ya ng'ombe imakhala ndi magalamu pafupifupi 25 pa magalamu 100 aliwonse. Ife tinakulira soya pisi, amayi akumatiuza kuti ndi nyama, ndipo ngakhale timadziwa kuti si nyama, m'thupi amagwiradi ntchito ya nyama chifukwa soya ali ndi puloteni yambiri. Ndinkaganiza kuti tchizi cha zomera chilinso choncho. Ayi. Ichi chimalowa m'malo mwa kukoma ndi maonekedwe okha. Mafuta a kokonati nawonso ndi a mtundu uja madokotala amati tichepetse. Choncho nyemba, mazira ndi nsomba sizisowa pa mbale ya mwana, tchizichi ndi chongokometsera.

Chenjezo lina kwa amene mwana wanu ali ngati wanga. Si chilichonse chotsanzira tchizi chomwe chilibe mkaka. Zina zotchipa zowaza pa pitsa amazipanga ndi mafuta a zomera koma n'kuikamo casein, ndipo zolembedwa kuti zilibe lactose zambiri ndi mkaka weniweni womwe angouchotsa shuga wake. Werengani kumbuyo, kuno mawu oti milk amalembedwa moonekera pa mndandanda. Ndipo ngati vuto lanu ndi kutupikana m'mimba mukamwa mkaka, monga mlamu wanga, mwina simukufunikira n'komwe kugula ichi, chifukwa cheddar yokhalitsa imakhala ndi lactose wochepa kwambiri.

Ndikuchipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Chokhulidwa ndipitiriza kugula, tosanjikiza tija ndi ta bokosi la kusukulu basi. Loweruka lapitali pa phwando la mnzake ndinapita ndi pitsa yathu yaing'ono m'kontena, mwana anakhala pamzere umodzi ndi anzake n'kudya magawo atatu.