Maphunziro a uphungu wa abusa pa intaneti: mmene ndawaonera ndili ku Zomba

Papita zaka ziwiri chiyambireni digiri yachiwiri ya uphungu wa abusa pa seminale ina ya Baptist ya ku America, ndipo zonse ndimaphunzira pa intaneti ndili kwathu ku Matawale, kuno ku Zomba.

Chimene chandisula kwambiri ndi phunziro loyendera ovutika, lochokera ku ntchito imene mbusa wina dzina lake Anton Boisen anayamba mu 1925 pachipatala cha odwala maganizo ku Worcester, ku America. Ukacheza ndi munthu, umalemba mawu onse amene munalankhulana, kenako mphunzitsi amawasanthula. Nditalemba za mayi wamasiye amene namondwe wa Freddy anawagwetsera nyumba mu 2023, mphunzitsi anandionetsa kuti ndinathamangira kuwerenga Masalimo mayiwo asanamalize kutula nkhawa zawo, ndipo zimenezi zinandilasa mtima chifukwa zinali zoona. Amatsindikanso kuti mbusa adziwe malire ake, kotero kuti munthu wolankhula zodzipha ndimamupempherera komanso kumuperekeza ku Zomba Mental Hospital.

Chofooka cha maphunzirowa chili pa nkhani za banja, chifukwa mabuku awo amaona ukwati ngati wa anthu awiri okha, pomwe kuno mlandu wa m'banja sutha popanda ankhoswe, ndipo za chikamwini sazitchula n'komwe. Fizi imalipiridwa m'madola, choncho kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinachepetsa maphunziro a teremu imeneyo.

Abusa anzanga amene mungapeze thandizo la fizi, ndikukulimbikitsani kulembetsa, koma za ukwati muzikafunsanso akuluakulu a mpingo wanu.