Multimeter, thesita ya babu kapena sikana ya OBD2: choyamba kugula n'chiti galimoto ikamavuta kulira?

Galimoto ikakana kulira, eni ake ambiri amathamangira kugula batire latsopano kapena kukamasulitsa sitata asanayeze chilichonse, ndipo ndalama zimapita vuto likadali pomwepo. Pa zipangizo zitatu zimene munthu angasunge m'galimoto kuti azidzifufuzira yekha vuto, ine ndimaika patsogolo multimeter, kachipangizo koyezera mphamvu ya magetsi, chifukwa nthawi zambiri vutoli limayambira pa batire ndi mawaya ake, ndipo multimeter ndiyo imayankha ndi manambala.

Batire lodzaza bwino limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndipo likatsikira pa 12.0 ndiye kuti moto watsala wochepa kwambiri. Koma muyeso umene umanena zoona ndi wa nthawi imene mnzanu akupotokola kiyi inu mukuyang'ana manambala. Akagwa kufika pansi pa 9.6, batire lafooka kapena silinatchajidwe mokwanira. Akakhalabe cha pa 12 pamene mukungomva kuti "tiki" kamodzi, batire lilibe mlandu, ndipo muyenera kuona matemino, waya wochokera ku batire kupita ku bodi ndi ku injini, kenako solenoid ya sitata, yomwe ndi swichi yolowetsa moto mu sitatayo. Ufa woyera uja umene umamera pa matemino ndi wokwanira kuletsa galimoto yabwinobwino kulira, ndipo umachoka ndi madzi ofunda, soda wophikira ndi bulashi. Injini ikalira, mavolti apakati pa 13.8 ndi 14.4 amasonyeza kuti alternator ikutchaja batire, zimene ndi bwino kutsimikiza musanaike batire latsopano loti likatherenso m'njira.

Thesita ya babu, yomwe babu lake limayaka ikagunda pamene pali moto, ndi yotsika mtengo, ndipo pa mafyuzi imachita changu kuposa multimeter. Mumapanitsa waya wake pa chitsulo cha galimoto, n'kugunda tizitsulo tiwiri tapamwamba pa fyuzi kiyi ili yotsegula. Babu likayaka mbali imodzi yokha, fyuziyo yapsa. Kufooka kwake n'kwakuti babu limayakabe ngakhale batire litatsikira pa mavolti 11, choncho limakuuzani kuti moto ulipo koma osati kuti ndi wokwanira kuzunguza sitata. Chonde musamabaye nayo mawaya opita ku kompyuta ya injini, chifukwa babu limakoka moto wochuluka kuposa umene mawaya ena a kompyutayo anapangidwira, ndipo mawaya achikasu a airbag musawakhudze n'komwe.

Sikana ya OBD2, yomwe imawerenga manambala a zovuta zimene kompyuta ya galimoto yazindikira, imalumikizidwa pa soketi ya mapini 16 imene imakhala kunsi kwa chiwongolero, ndipo zotchipa za mtundu wa ELM327 zimatumiza zotsatira pa foni kudzera pa Bluetooth. Ntchito yake imaoneka pamene sitata ikuzunguza injini mwamphamvu koma injiniyo osagwira moto. Nambala ya P0335 imaloza ku sensa ya crankshaft, yomwe ikafa kompyuta sidziwa nthawi yotumizira moto ku mapulagi, pamene P0301 imasonyeza kuti silinda yoyamba ikuphonya, mwina chifukwa cha pulagi kapena koyilo. Komabe nambalayo imangoloza dera la vuto, ndipo waya wodyedwa ndi khoswe ungabweretse nambala yomweyo ngati sensa yakufa, kotero kuti mudzafunabe multimeter musanagule sensa.

Sikanayi imatenga moto ku batire la galimoto yomweyo, choncho batire likafa nayonso imakhala chete, ndipo sitata yotha makala kawirikawiri sisiya nambala iliyonse. Eni galimoto zakale zochokera ku Japan, monga Vitz yoyambirira, adziwenso kuti zina mwa izo sizigwirizana ndi sikana zotchipa, ndiye ndi bwino kuiyesa pa galimoto yanu wogulitsa ali pomwepo musanalipire. Amene ali ndi galimoto ya kabuleta ndi distributor asataye ndalama pa sikana, chifukwa alibe poilumikiza.