Quick removal ndi Better performance: mukazula flashi mwadzidzidzi pa Windows

Windows ili ndi njira ziwiri zolembera deta mu flashi: Quick removal ndi Better performance. Kuyambira Windows 10 version 1809, flashi imakhala pa Quick removal ngati simunasinthe. Windows imalemba deta mu flashi nthawi yomweyo, choncho kukopera kukatha mukhoza kuizula osadina Eject. Kuipa kwake nkwakuti mafayilo ang'onoang'ono ambiri amachedwa kulowa.

Better performance imayamba yasunga deta mu RAM (malo osungira deta kwakanthawi mu kompyuta), nkumalemba pambuyo pake. Liwiro limakwera, koma vuto lagona pomwepo: kompyuta imatha kuonetsa kuti yamaliza pomwe deta ina isanalowe. Mukazula, Windows nthawi zambiri imangopitiriza kugwira ntchito. Zoonongeka ndi mafayilo anu, makamaka pa FAT32 kapena exFAT, njira zosanjira mafayilo mu flashi zomwe zilibe journal (kaundula wothandiza kukonza zinthu kulemba kukadukira panjira) ngati njira ya NTFS. Zikatero, yesani kulemba mu Command Prompt lamulo lofufuza ndi kukonza zolakwika la chkdsk E: /f, pomwe E ndi chilembo cha flashiyo.

Flashi yoyendayenda isiyeni pa Quick removal. Kusintha kuli mu Device Manager: tsegulani Disk drives, sankhani flashiyo, kenako Properties ndi Policies.