Pygame 2 ndi liwiro la mafulemu: wotchi yake ndi yothandiza, koma muidziwe bwino

Pygame 2, yomwe inatuluka mu 2020 ndipo imayenda pa SDL2 (pulogalamu yoyendetsa zithunzi, mawu ndi mabatani), ndi laibulale yabwino kwa oyamba kulemba magemu mu Python. Pamene imapunthwitsa anthu ambiri ndi pa nthawi.

Clock.tick(60), lamulo la wotchi ya pygame, silonjeza mafulemu (zithunzi zimene gemu imajambula motsatizana) 60 pa sekondi, ntchito yake ndi kungoletsa gemu kuthamanga mopitirira. Ngakhale pamenepo imaphonya pang'ono. Fulemu imodzi iyenera kutenga mamilisekondi 16.67, koma pygame imadula n'kusiya 16, n'chifukwa chake get_fps(), yowerenga mafulemu pa sekondi, imakonda kuonetsa 62.5. Pa sikirini ya 60 Hz, yosintha chithunzi ka 60 pa sekondi, zimenezi zimaoneka ngati kudodoma kwa apo ndi apo. Inzake ya tick(), tick_busy_loop, imadikira molondola, koma 16 uja amakhalabe, ndipo pulosesa siipuma: laputopu imatentha, batire n'kutha msanga. Kulibwino kuika vsync=1 (pempho loti kujambula kuziyendera limodzi ndi sikirini) mu set_mode, yotsegula zenera la gemu, pamodzi ndi SCALED kapena OPENGL, ngakhale kuti makina ena salabadira pempholi.

Chimene ndimaiyamikira nacho wotchiyi n'chakuti tick() imabweza mamilisekondi amene adutsa chiitanidwire komaliza. Gawani ndi 1000, muchulukitse ndi liwiro, tinene mapikiselo 200 pa sekondi, kuti mupeze mtunda woti chinthu chisunthe pa fulemuyo, ndipo gemu idzayenda mofanana pa kompyuta yakale ndi yatsopano yomwe. Msampha uli pa Rect, bokosi losunga malo ndi kukula kwa chinthu, amene amasunga manambala athunthu okha. Mapikiselo 3.2 a pa fulemu imodzi amasanduka 3, ndipo chinthu chimayenda pa liwiro losiyana popita kumanja ndi kumanzere. Sungani malo mu Vector2, amene amasunga ndi madesimo omwe, muziwakopera mu Rect pojambula pokha.

Cholakwa china chofala ndi kujambula mkati mwa lupu ya event.get(), yolandira zochitika monga kudina batani kapena kugwedeza mausi. Gemu imayenda pokhapokha mukugwedeza mausi kapena kudina mabatani, mukasiya nayo imaima. Lupu imeneyi ingolandira zochitika. Kusuntha ndi kujambula zibwere kunja kwake, kamodzi pa fulemu. Komanso pa Windows, munthu akagwira zenera n'kumalikoka, pulogalamu imaima, ndipo akasiya nthawi yobwezedwa imakhala yaikulu moti wosewera amaboola khoma. Ikani malire, isapitirire masekondi 0.05.

Pa gemu ngati bawo, pomwe palibe chosuntha mpaka wina atakhudza, siyani kujambula ka 60 pa sekondi. Gwiritsani ntchito event.wait(): pulogalamu imagona mpaka chochitika chifike, ndipo pamenepa pygame imachita bwino kwambiri.